Za Likodzo ndi Madzi a Kwathu ku Chileka ndi ku Lirangwe

Inu makolo ndi eni mabanja a ku Chileka, a ku Lirangwe ndi a m'midzi yonse yotsikira ku Shire, mwezi uno tifuna kucheza nanu za nthenda imodzi imene nonse muidziwa dzina lake, koma ndi owerengeka okha amene aiopa monga iyenera kuopedwa. Tinena likodzo. Malungo akagwira mwana, nyumba yonse isokonezeka, ndipo amai ambereka usiku womwewo napita naye ku chipatala. Kolera akalowa m'mudzi, mfumu iitana msonkhano dzuwa lisanalowe. Koma mwana akayamba kukodza mwazi, kawiri kawiri palibe wotekeseka, mwanayo abisa chifukwa cha manyazi, ndipo makolo akamva angoti, "Zidzatha zokha, ifenso tidakodza chomwecho pa ubwana wathu." Alipo ena amene ayesa kuti mwazi umenewo ndi chizindikiro chakuti mnyamata alikukula. Iai ndithu, kumeneko si kukula. Ndi zironda za m'chikhodzodzo, ndipo chiripo chimene chirikuzitema.

Pali nchito yina ya udotolo imene sichitika pambali pa mphasa ya wodwala mmodzi. Eni ake a nchitoyo ayenda m'midzi ndi m'masukulu nawerenga anthu: odwala ndi angati, osadwala ndi angati, odwalawo akhala kuti, ali ndi zaka zingati, agwira nchito yanji, asamba kuti. Akatha kuwerenga alinganiza magulu awiriwo, nafunsa kuti, kodi nchiani chimene chipezeka kwambiri pakati pa odwala koma chichepa pakati pa anzao osadwala? Chinthu chotero achitcha chiopsezo, ndiko kunena khomo limene nthenda ilowerapo. Munthu wosazolowera angayese kuti nkutaya nthawi kuwerenga anthu m'malo mowapatsa mankhwala. Koma mlimi amene sadziwa mpata umene nguluwe zilowera m'munda mwake adzachezera usiku wonse kulonda mbali yolakwika.

M'chaka cha 2006, pa nyengo ya chisanu, madotolo otere adayendera masukulu a pulaimale 23 a m'boma lathu lino la Blantyre. Pakati pao padali Dr Atupele Kapito-Tembo ndi Dr Victor Mwapasa, ana a dziko lino, pamodzi ndi anzao ena. Masukuluwo adawasankha mwa maere kuti pasakhale kukondera. Adalemba ana 1,150, anyamata ndi asungwana pafupi chimodzimodzi, ndipo mwa iwo ana 1,139 adapereka mkodzo wao kuti uyesedwe pa galasi lija lokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Zimene adapeza zidasindikizidwa mu 2009, ndipo mutu wake ndi uwu: mwa ana 100 ali onse, ana 10 adali ndi mazira a likodzo mu mkodzo wao.

Wina adzati, "Khumi pa zana nzochepa." Tikadabvomera nthendayo ikadagawika mofanana pali ponse monga agawira ndiwo pa ukwati, koma siitero. M'masukulu ena sadapezeke mwana ndi mmodzi yemwe wodwala, pamene m'masukulu ena odwala adali pafupi theka la ana oyesedwa. Tsono madotolowo pofunafuna chimene chidasiyanitsa masukuluwo, adapeza kuti chachikuru mwa zonse ndicho kuyandikana ndi madzi a pamtunda, monga mtsinje, damu, dziwe kapena kasupe. Mwana wophunzira pa sukulu imene ili pafupi ndi madzi otere, mtunda wosakwana kilomita imodzi, chiopsezo chake chidaposa cha mnzake wa kutali kasanu. Anyamata adaposa asungwana pafupi kawiri. Ana a zaka 8 kufikira 10 adaposa anzao a zaka 14 kapena kupitirira koposa kanai. Ndipo mwana amene adati adadwala likodzo mwezi wapitawo, ndi amene adapezeka nalonso kawiri kawiri pa tsiku loyesalo.

Kuti timvetse chifukwa chake madzi, unyamata ndi msinkhu zilemera chotero, tiyenera kudziwa mayendedwe a kachiromboko, pakuti ndi odabwitsa, ndipo anthu anzeru adabvutika nao zaka zambiri. Nthendayi njakale lomwe. Mu 1910 dotolo wina dzina lake Marc Armand Ruffer adapeza mazira ake ouma mu impso za mitembo yokonzedwa ya Aigupto amene adafa zaka 3,000 zapitazo. Woyamba kuona nyongolotsi yake yeniyeni ndi Theodor Bilharz, dotolo wa ku Germany, amene adaipeza mu 1851 potumbula maliro m'chipatala cha ku Cairo; ndicho chifukwa chake azungu aitcha nthendayi ndi dzina lake la iye. Koma Bilharz adamwalira osadziwa njira imene nyongolotsiyo ilowera m'thupi. Padapita zaka zoposa 60, ena nati ilowa ndi madzi akumwa, ena nati ilowa mwa njira zina, kufikira mu 1913 pamene madotolo awiri a ku Japan, Miyairi ndi Suzuki, adaonetsa kuti mtundu wa kwaoko ukulira mu nkhono za m'madzi. Mu 1915, nkhondo yaikuru yoyamba iri m'kati, Robert Leiper adatumidwa ku Aigupto kukafufuza njira yotetezera asilikari amene adali kumeneko. Iye adatola nkhono m'ngalande za m'minda, nazisunga, naziyang'anira tsiku ndi tsiku, natsimikiza kuti likodzo la ku Afrika nalonso lidzera mu nkhono ndi kulowera pa khungu. Makolo athu adanena zoona kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Mayendedwe ake ndi awa. Munthu wodwala likodzo akakodza m'madzi, kapena m'mbali mwa madzi pamene mvula idzakokolola, mazira aja a mu mkodzo aswa, ndipo mutuluka tizirombo tating'onong'ono tosambira. Timeneti sitingalowe mwa munthu. Tifuna nkhono, ndipo tikapanda kuipeza tsiku lomwelo tifa. Sitinena nkhono zazikuru zija zokwawa pa mtunda nthawi ya mvula, zimene anthu ena aziopa chabe; tinena tinkhono tating'ono ta m'madzi, tosaposa chikhadabo cha chala, tomamatira pa udzu, pa bango ndi pa masamba ogwera m'dziwe. M'kati mwa nkhono kachirombo kamodzi kabala tinzake zikwi zambiri, ndipo pakapita mwezi umodzi kapena masabata asanu ndi limodzi tiyamba kuturuka, tsiku ndi tsiku, makamaka masana dzuwa likatentha. Titi tsono ndito tifuna munthu. Tikakhudza khungu tiboola ndi kulowa m'kamphindi, popanda bala ndi popanda ululu, kupatula kuyabwa pang'ono kumene mwana aiwala asanafike kunyumba. Tiyenda ndi mwazi, tikulira ku chiwindi, ndipo tikakula tikhala tiwiri tiwiri, yaimuna ndi yaikazi, nititsikira ku mitsempha yozinga chikhodzodzo. Kumeneko yaikazi iikira mazira mazana tsiku liri lonse, kwa zaka zitatu kapena zisanu, nthawi zina kupitirira apo. Dzira liri lonse liri ndi kamunga ku nsonga. Ena aboola khoma la chikhodzodzo naturuka ndi mkodzo, ndiwo mwazi umene muuona, makamaka m'madontho otsiriza. Koma ambiri atsakamira m'mnofu, ndipo amenewa ndiwo aononga munthu. Kuchokera tsiku losamba kufikira tsiku loyamba kuona mwazi papita pafupi miyezi itatu, ndipo nchifukwa chake nkobvuta kuti kholo liganize za dziwe lija.

Taonani tsono m'mene ziwerengero zija zigwirizanirana ndi moyo wa kwathu. Dziko la Chileka ndi Lirangwe liri m'munsi, kutsika kuchokera ku mapiri a Michiru ndi Ndirande kulinga ku Shire, ndipo litentha koposa m'tauni ya Blantyre. Amene adayendapo pansi mu Okutobala kuchokera pa msika wa Lirangwe kulinga ku Mdeka sasowa womuuza. Mitsinje yathu, monga Likhubula, Lunzu ndi Lirangwe, nthawi ya dzinja ithamanga, ndipo nkhono sizikonda madzi othamanga. Koma mvula ikatha madzi aphwera, natsala maiwe odekha a udzu ndi ndere, ndipo m'menemo ndimo nkhono ziswana. Onjezanipo madamu omwetsera ng'ombe, zitsime za m'madimba, ndi maenje amene anyamata asiya akatha kuumba njerwa. Ngakhale dziwe litaphwa, nkhono zina zikwiririka m'matope nizidikira mvula yina. Nanga ndani amene alowa m'madzi otere masana dzuwa liri pamutu, pa ora lomwelo limene tizirombo tiri tambiri? Ndi mnyamata wa zaka zisanu ndi zinai amene waweruka ku sukulu, kapena alikuweta mbuzi, nabvula malaya, nalumphiramo thupi lonse, nakhalamo ora lathunthu pamodzi ndi anzake. Ndipo mkodzo ukamgwira saturuka. Yemweyo ndiye atenga nthenda, yemweyonso ndiye aibwezera m'madzi. Asungwana atunga ndi kuchapa, madzi nawafika m'maondo ndi m'zigongono, koma sakhalitsamo thupi lonse monga alongo ao. Ana okulirapo achepetsa kusambira, ndiponso thupi la munthu likamakula liphunzira pang'ono pang'ono kulimbana ndi tizirombo tatsopano.

Pano tichenjeze kuti chiwerengero chisatinyenge. Pakunena kuti anyamata aposa asungwana, sitinena kuti akazi apulumuka. Tidzaona posachedwa kuti iwo ndiwo alipira mtengo wowawa. Ndipo akuru asayese kuti nza ana zokha. Mai wochapa pa mwala uja wa masiku onse, bambo wotunga madzi othirira tomato ndi mpiru ku dimba, mnyamata wokumba mchenga mu mtsinje kuti agulitse kwa omanga nyumba, msodzi wa ku Shire, onsewa aponda khomo lomwelo. Amene apita ku nyanja kukagula usipa ndi utaka wa malonda akumbukirenso kuti magombe a ku Mangochi ali ndi likodzo lambiri. Ku Cape Maclear lidachuruka kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo akatswiri ena aika mlandu pa kutha kwa nsomba zimene zidya nkhono, zogwidwa mopitirira ndi makoka a maso ang'ono. Mu 2017 mtundu wina wa nkhono, wonyamula likodzo la m'matumbo limene lionongera ku chiwindi, udapezekanso m'magombe a ku Mangochi komweko.

Chinthu china chimene madotolo aja a 2006 adapeza chiyenera kukumbukiridwa m'nyumba iri yonse. Adafunsa mwana ali yense ngati akodza mwazi, nalinganiza yankho lake ndi zimene galasi lidaonetsa. Mwa ana amene adalidi ndi mazira, mmodzi mwa atatu ali onse sadanene kuti aona mwazi. Ndipo mwa ana amene adati aona mwazi, mazira adapezeka mwa mmodzi yekha pa anai. Tiphunzirapo kuti kufunsa kokha sikukwanira: mwana angakhale nalo likodzo mkodzo wake uli woyera m'maso mwanu, ndipo wina angakodze mowawa chifukwa cha nthenda yina yofuna mankhwala ena.

Nanga likodzo lichita chiani kwa munthu amene alilekerera? Kwa mwana, limdya pang'ono pang'ono monga chiswe chidya mtanda wa denga. Mwazi uchepa, thupi lifooka, msinkhu uchedwa, ndipo m'kalasi aodzera; aphunzitsi amuyesa waulesi, makolo namuyesa wopanda nzeru, pamene mwanayo alikungodwala. Zaka zikapita, mazira otsakamira aja aumitsa chikhodzodzo napanikiza timipita totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, kotero kuti impso zitupa ndi kuonongeka mwakachetechete. Mwazi uja ungaleke kuoneka munthu atakula, iye nayesa kuti adachira, chikhalirecho chirondacho chiri m'kati. Mwa ena, pa ukulu wao, pabuka khansa ya m'chikhodzodzo, imene madotolo a ku Queen Elizabeth Central Hospital aidziwa bwino. Ndipo ofika nayo kumeneko afika kawiri kawiri mochedwa.

Tsono za akazi, ndipo pano tilankhula ndi akuru okha, mwaulemu koma mosabisa. Mazira a likodzo sathera m'chikhodzodzo. Afikanso ku chiberekero ndi ku njira zake, nasiya tizironda kumeneko. Mai amva kupweteka m'chinena, aona zoturuka zachilendo, nthawi zina aona mwazi atakhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Ena apititsa padera, ena asowa mphatso ya mwana. Zizindikiro zimenezi zifanana ndi za nthenda zopatsirana pogonana, ndipo apa ndi pamene mabanja apasukira popanda wolakwa. Mwamuna aloza chala mkazi wake, ankhoswe aitanidwa, apongozi nalowererapo, pamene gwero la zonse ndi mtsinje umene maiyo adasambamo ali kamsungwana ka zaka khumi. Mwamunanso angaone mwazi mu mbeu yake, mkazi namganizira zoipa. Tinenetsa: likodzo silipatsirana pa mphasa, kapena pa mbale, kapena pa moni wa pa dzanja; popanda nkhono ndi madzi silingachoke kwa munthu kupita kwa mnzake. Koma tizironda timeneto titsegula khomo la nthenda yina. Ku Zimbabwe ndi ku Tanzania madotolo adapeza kuti akazi okhala ndi likodzo lotere apezeka ndi kachirombo ka HIV kochuruka kuposa anzao. Chifukwa chake mai wobvutika chotero, pofotokoza ku chipatala, anene poyera kuti adakulira m'mbali mwa mtsinje, napemphe kuti aganizirenso za likodzo.

Mankhwala alipo, ndipo masiku ano ndi opepuka. Kale sizidali chomwecho. Kuyambira mu 1918, pamene dotolo Christopherson wa ku Khartoum adalengeza njira yake yochizira likodzo, wodwala amalasidwa jekeseni wa mankhwala aukali mu mtsempha masiku ambiri, ena nasanza, ena nathawa asanatsirize. M'zaka za m'ma 1970 ku Germany adapeza mankhwala a mapiritsi otchedwa praziquantel, amene munthu amwa tsiku limodzi lokha. Ndiwo amene alangizi a zaumoyo akhala akugawa m'masukulu m'zaka zapitazi, atamuimika mwana pa ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe mapiritsi angati amuyenera. Timva chisoni kuti pa tsiku logawalo makolo ena atsekera ana m'nyumba chifukwa cha mphekesera zakuti mankhwalawo aletsa kubala. Bodza limenelo lapotoza zinthu, pakuti chimene chiletsa kubala ndi nthendayo. Nzoona kuti mapiritsiwo ngowawa ndi akuru, ndipo mwana wakumwa ndi njala amva chizungulire, nseru ndi kupotokola m'mimba, makamaka amene ali ndi nyongolotsi zambiri. Koma zimenezo zitha tsiku lomwelo. Mankhwala a bvuto limenelo ali m'manja mwa amai: mwana adye phala lokhuta, kapena mbatata, kapena mkute, asanapite. Mwana amene sapita ku sukulu, woweta ng'ombe uja, mumtengere inu nokha kwa alangizi, pakuti kawiri kawiri iye ndiye wodwalitsa, ndiyenso wophonyedwa. Amai apakati angathe kulandira mankhwalawa pouzidwa ndi a chipatala. Tiana tosayamba sukulu, timene amai atisambitsa ku mtsinje pochapa, titenganso likodzo. Mtundu wa mankhwalawa woyenera msinkhu wao udabvomerezedwa ku Ulaya mu 2023, koma musadule piritsi la mkuru nokha kunyumba, pitani nako kamwanako ku chipatala.

Komatu praziquantel apha nyongolotsi zokhwima zimene ziri m'thupi tsiku limenelo; saletsa zina kulowa mawa. Mwana wakumwa mankhwala Lachiwiri nabwerera ku dziwe Loweruka, pofika nyengo ya masika alikukodzanso mwazi. Sitidzakuuzani kuti ana asayandikire madzi konse, pakuti tidziwa kutentha kwa kuno, ndipo lamulo losatheka kulisunga lingophunzitsa ana kunama. Koma pali zotheka. Tizirombo toturuka mu nkhono sitikhala moyo kupitirira masiku awiri tikapanda kupeza munthu. Chotero madzi a ku mtsinje akagona m'ndowa kapena mu mtsuko masiku awiri, mulibe nkhono m'katimo, ayenera kusamba. Madzi otenthetsedwa pa moto ayeneranso, ndipo a pa mjigo alibe likodzo konse. Mai amene ali ndi mjigo pafupi achapire pomwepo, ngakhale mzere utalike. Ndipo kamwana asakakhazike m'madzi a mtsinje kuti kasewere iye alikuchapa. A ku dimba amene angathe kugula jombo za mphira agule. Maenje a njerwa akwiriridwe ndi omwe adawakumba. Mafumu athu, amene aweruza mirandu ya mbuzi zodya chimanga cha eni, angathe kuweruzanso mlandu umenewu. Ndipo anyamata aphunzitsidwe ndi atate ao kuti munthu akodza asanapite ku madzi, m'chimbudzi, osati m'dziwe. Pakuti dziwe limene simulowa mkodzo, nkhono zake nzopanda chifukwa chingakhale zichuruke bwanji. Ku Japan, m'dera la Yamanashi kumene alimi a mpunga adazunzika ndi likodzo mibadwo yambiri, adamanga ngalande zao ndi simenti, napha nkhono, nasamala zimbudzi, ndipo mu 1996 adalengeza kuti nthendayo yatha; nchitoyo adaiyamba mapiritsi a lero asanapezeke.

Amene mwaona mwazi mu mkodzo wa mwana wanu, kapena mwana wanu asambira masiku onse ndipo aoneka wofooka, pitani naye ku chipatala cha Chileka, cha Lirangwe, cha Mdeka, kapena ku Mlambe ku Lunzu, ndipo mutenge ndi abale ake amene asamba naye dziwe limodzi. Akakupemphani mkodzo woyesa, dziwani kuti mazira aturuka ambiri pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndiponso m'madontho otsiriza. Chotero mwanayo asapereke woyamba wa m'bandakucha, ndipo m'kabotolomo mulowe ndi wotsirizira womwe.